Ndodo Zoyera za a Soarum

Phulusa linayamba kugwa cha m'ma teni koloko m'mawa, mphepo itatembenukira kumudzi. Linkatera mwakachetechete pamasamba a koko, pamikeka ya anamfedwa, ndiponso pamanda atsopano kuseri kwa nyumba. Kieri anali pakhonde, akupukuta kapepala ndi chikhatho. Akapukuta, phulusa lina linkateranso pomwepo.

Linali tsiku lachinayi chiikire m'manda bambo ake, a Soarum, amene kwa zaka makumi atatu ankatsogolera alendo kukamwa kwa phiri lophulika moto la Yasur. Kieri anabwera pandege kuchokera ku Port Vila, likulu la dzikolo, kumene ankalandira alendo pahotela chimalizire maphunziro ake a kukoleji. Anafika mtembo utakulungidwa kale m'mikeka. Tsopano ndevu zinali zitayamba kumuyabwa, koma lumo sakanalikhudza kufikira tsiku lometa.

Phiri linagunda. Malata a denga ananjenjemera ndipo nkhuku zinabalalika, koma amayi amene ankapala chinangwa chophikira chakudya chotchedwa laplap sanadzutse n'komwe mitu.

"Bwana wa ku Vila, timapepala tija tilipo?"

Anali a Nakou, mng'ono wawo wa malemuyo, amene ankayendetsa galimoto yonyamula alendo. Anaima pansi pa khonde akukutumula phulusa pachipewa.

"Tilipo, bambo aang'ono," anayankha Kieri.

"Ndipatse tisanu ndi titatu. Alendo akutera ndi ndege yamasana. Madzulo ano ndiwakweza."

Sivur, mlongo wake wamkulu wa Kieri, anasiya kupala chinangwa n'kuimirira, mpeni uli m'manja.

"Bambo aang'ono, dothi pamandapo silinaume n'komwe."

"Ukuganiza kuti sindikudziwa? Ndani anakumba?" A Nakou anatsitsa mawu, chifukwa pansi pa mtengo wa kachere panali amuna a midzi ina. "Dzulo kubwalo kumene timamwera kava anthu a kutsidya kwa mtsinje anena pamaso panga kuti njira ya Soarum yafa ndi Soarum. Eni nyumba za alendo akazolowera njira ya kutsidyako, sadzabwereranso kuno. Chaka chamawa mudzamva kuti mbali ino ya phiri sinakhalepo yathu. Mchimwene wanga anaikumba yekha njira imene ija, ndi fosholo yobwereka. Sindilola kuti imere udzu maliro ake asanathe."

"Koma inuyo munakwerapo liti ndi alendo?" anafunsa Sivur. "Si paja mumangowatula m'munsi n'kugona m'galimoto, miyendo ili pawindo?"

"Taonani mwana wamwanoyu! Maso ndili nawo. Ndodo zilipo pamwamba paja. A boma anena pawailesi kuti phiri lili pa nambala yachiwiri ya chenjezo, alendo akuloledwa. Zina zonse ophunzira athuwa anazilemba kale papepala. Ndikungofunika kuyenda patsogolo basi."

Kuyambira ali mwana, mawu ankamuthawa Kieri pamaso pa a Nakou. Analowa m'nyumba, n'kutenga timapepalato pakhoma pamene bambo ake ankatisunga, n'kuwapatsa ndi manja awiri. Posakhalitsa galimoto inalira n'kulowera kumsewu wa kubwalo la ndege.

Amayi ake, a Nariu, anali m'chipinda chamkati, atakhala pamkeka, akupinda zovala za amuna awo. Anali asanatuluke panja chiikire maliro.

"Wawapatsa?"

"Ndawapatsa, amayi."

"Khala pansi. Undiwerengere zimene unalemba. Zaka ziwiri zonsezi ndimangoliona pepala limeneli, sindinamvepo kuti limati chiyani."

Kieri anakhala pafupi ndi chitseko. Kapepalako anakalemba ali chaka chomaliza kukoleji, m'Chingerezi ndi m'Chifalansa, kuchokera pa mawu amene ankamva bambo ake akuuza alendo. Aphunzitsi anakayamikira kwambiri. Anayamba kumasulira mzere uliwonse mosamala. Valani nsapato zotseka, chifukwa miyala ndi yakuthwa. Tengani juzi, pamwamba pamazizira dzuwa likangolowa. Mangani kansalu pamphuno. Imani kumene mphepo ikuchokera. Phiri likaphulika musathawe, yang'anani kumwamba muone kumene mwala ukulowera.

A Nariu ankagwedeza mutu pamzere uliwonse, manja akupindabe malaya.

"Chomaliza," anatero Kieri. "Musapitirire ndodo zoyera. Mukaima kumbuyo kwa ndodozo, simudzavulala."

Manja a amayi ake anaima.

"Ndodo za liti?"

"Za pamwamba zija, amayi. Zinayi zija."

"Ndikufunsa kuti za tsiku liti." Anamuyang'ana nthawi yaitali. "Kieri, bambo ako ankachoka m'mawa uliwonse ine ndisanakoleze moto. Unkaganiza kuti amakatani? Kukapereka moni kuphiri?"

"Ndinkati amakasesa njira."

"Amakasuntha ndodo, mwana wanga. Tsiku lina kuzikankhira kutsogolo, tsiku lina kuzibweza m'mbuyo. Ndodo zimene zija sizinagonepo kawiri pamalo amodzi iwo asanazione. Anakwera komaliza tsiku loti mawa adwala. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi. Ndipo kuyambira Lolemba phirili likulankhula mawu ena. Mbale zagwa kawiri pathandala."

Kieri anayang'ana kapepala kamene kanali m'manja mwake. Iye ankakwera ndi bambo ake madzulo okha, pa tchuthi, ndodo zitazikidwa kale. M'mawa ankakhala ali pa mabuku, ndipo bambo akewo sankalola kuti wina amusokoneze.

"Chifukwa chiyani sanandiuze kuti ndalakwitsa?"

"Akanadziwa bwanji? Chingerezi chawo chinali cha pakamwa. Anangoona chithunzi chawo papepalapo n'kuseka mpaka misozi. Ankalionetsa aliyense, ngakhale abusa."

Kieri anatuluka n'kukaima pachulu kuseri kwa khitchini, pamene foni inkagwira. A Nakou anayankha galimoto ikugwedezeka. Anamvetsera pang'ono, kenako anamudula.

"Ndodo zili pomwe anazisiya mwini wake. Amako ali ndi chisoni, china chilichonse chikuwaopsa. Iwe khala pamaliro. Usandiphunzitse phiri limene ndinabadwira pansi pake." Foni inaduka.

Atabwerera m'chipinda anapeza Sivur ali momwemo. Kieri anagwada pafupi ndi amayi ake.

"Ankadziwa bwanji pozika?"

"Miyala," anatero a Nariu. "Yakale imakhala yotuwa, phulusa litaikwirira. Yatsopano ndi yakuda bii, yonyezimira, ndipo dzenje limene yakumba pogwa limakhala ndi milomo yakuthwa. Ukaupeza wotero usaugwire. Uyandikize kumbuyo kwa dzanja. Ufunefune wotentha umene wagwa kutali kwambiri ndi kamwa la phiri. Kuchokera pamenepo uwerenge mapazi makumi atatu kubwerera m'mbuyo, n'kuzika ndodo. Malo akakuthera, ndodo utsike nazo."

"Mukudziwa bwanji zonsezi, amayi, inu osakwerako?"

"Ankandiuza tsiku lililonse, ngakhale ndisanafunse. Zaka makumi atatu ndakhala ndikudya miyala imeneyi pamodzi ndi zilazi."

Kieri anaimirira. Sivur anafulumira kukaima pakhomo.

"Ukupita kuti? Mwana wamwamuna satuluka pabwalo masiku asanu asanakwane. Ukudziwa. Anthu ali panjapa, Kieri. Adzati chiyani? Akudwala sunabwere, unati ulibe tchuthi. Tsopano uthawanso maliro awo?"

Mawuwo anamulasa, pakuti anali oona.

"Achemwali, anthu asanu ndi atatu akaima kumbuyo kwa ndodo zija madzulo ano chifukwa ine ndinalemba kuti sadzavulala. Pansi pa mawu amenewo pali dzina la bambo."

"Tumiza wina."

"Ndani? Amene amadziwa ali kuseri kwa nyumbaku."

Sivur anatembenukira kwa amayi awo. "Amayi, mulankhuleni."

A Nariu anaika malaya omaliza pamulu, anagona chammbali pamkeka, n'kutembenukira kukhoma.

"Ine ndagona," anatero. "Sindikuona amene akulowa kapena amene akutuluka."

Sivur anapuma mozama. Anamasula kansalu kumutu kwake, n'kukaviika mumtsuko wa madzi, n'kumuponyera.

"Manga pamphuno. Ndipo vala nsapato za bambo, zakozo ndi zoyendera pakapeti wa kuhotela. Ukafera kumeneko ndidzakumenya."

Anadutsa pakati pa bwalo dzuwa lili paliwombo. Amayi opala chinangwa anasiya kulankhula. Pansi pa kachere, mkulu wina anaitana dzina lake kawiri, kachiwiriko mwaukali. Kieri anachita manyazi, koma sanacheuke.

Anayenda ola lathunthu asanafike pachigwa cha phulusa, pamene sipamera kanthu. Nsapato za bambo ake zinali zazikulu, ndipo phulusa linkalowa m'mbali. Njira inayambira pamwala waukulu wosalala pamene galimoto imaima, n'kukwera mokhotakhota. M'malo otsetsereka kwambiri munali masitepe a mitengo ya kokonati yodulidwa pakati. Fungo la mazira ovunda linkaboola kansalu konyowa kaja. Kawiri konse nthaka inagwedezeka pansi pa mapazi ake, ndipo kawiri konse anaima mpaka anadzikakamiza kupitiriza.

Ndodo zinali pomwepo, zinayi, pamzere wowongoka, penti woyera atatuwa ndi phulusa. Kutsogolo kwake nthaka inkatsetsereka n'kuthera m'chiphompho chodzaza utsi. Kumbuyo kwake kunali kabwalo kosalala kamene alendo amaimikapo makamera. Poyamba Kieri sanaone chachilendo. Miyala inali paliponse, monga mwa masiku onse. Mtima wake unayamba kupepuka, ndipo pamodzi ndi kupepukako kunabwera manyazi akuti waswa mwambo pachabe.

Kenako anasiya kuyang'ana miyala, n'kuyamba kuyang'ana mtundu wake.

Pakati penipeni pa kabwalo kaja panali mwala waukulu ngati nkhumba yonenepa, wakuda, wonyezimira ngati wapakidwa mafuta. Unali utalowa m'nthaka mpaka theka, ndipo m'mphepete mwa dzenje lake munali mosongoka. Kieri ananjuta n'kuyandikiza kumbuyo kwa dzanja. Asanafike n'komwe pafupi, ubweya wa padzanjapo unamva kutentha.

Anaimirira n'kuyang'ana kumene anachokera. Tsopano ankaiona miyala yakudayo. Wina unali kumapeto kwa kabwaloko. Wina unali panjira penipeni, utaphwanya sitepe, ndipo iye anali ataulambalala pokwera osaganiza kanthu. Anatsikira pamenepo, anauyesa, unali wotentha. Anawerenga mapazi makumi atatu kutsika. Pa phazi la makumi awiri ndi anayi anapezanso wina, waung'ono, wofunda. Anayambiranso kuwerenga. Pamene anakwanitsa makumi atatu opanda mwala watsopano, anali ali pansi pa phewa la phiri, pamene munthu saona moto ngakhale pang'ono. Malo anali atamuthera.

Anakweranso kukatenga ndodo. Atazula yachitatu, phiri linaphulika.

Phokosolo linamumenya pachifuwa ngati chibakera. Miyendo yake inafuna kuthawa yokha. Anakumbatira ndodo zija mwamphamvu, n'kukakamiza mutu wake kuyang'ana kumwamba. Miyala inakwera m'mwamba yofiira, ikutembenuzika pang'onopang'ono ngati ilibe kulemera, n'kuyamba kuda, n'kuyamba kubwerera. Yambiri inagwera m'chiphompho momwemo. Umodzi unapatuka. Anautsatira ndi maso, osaphethira, mpaka anatsimikiza kuti ukulowera kumanzere. Unagwa ndi mdidi ngati thumba lonyowa, pafupi ndi mwala wonga nkhumba uja, n'kuphwanyika.

Kieri anazula ndodo yachinayi. Anaganiza za mawu a a Nakou pafoni, ndipo anadziwa kuti akangofotokoza ndi pakamwa, adzagonja monga mwa nthawi zonse. Anavula malaya, anawapinda kanayi, n'kukankhiramo ndi ndodo chiduswa cha mwala umodzi mwa imene inagwa poyamba, chachikulu ngati bandu la papaya. Anatsika ndodo zili paphewa, malaya akununkha kupserera.

M'munsi, pafupi ndi mwala wosalala uja, anazika ndodo zinayi chopingasa njira. Nthaka inali yolimba, ndipo anaikumba ndi zala mpaka zikhadabo zinathyoka. Atamaliza anakhala pansi n'kudikira.

Galimoto inaonekera dzuwa litapendeka, ikukoka fumbi pachigwa. Kumbuyo kwake kunali alendo asanu ndi atatu, atavala majuzi ndi nsapato zotseka, tinsalu tili m'khosi. Ena anali ndi timapepala take m'manja. Panalinso bambo wokalamba ndi mkazi wake, atagwirana manja.

A Nakou anazimitsa injini koma sanatsike msanga. Anayang'ana ndodo, kenako mwana wa mchimwene wawo, wopanda malaya, wotuwa ndi phulusa kuyambira kumutu. Atatsika anatseka chitseko mwamphamvu.

"Wapenga? Watuluka pamaliro a bambo ako?"

"Ndatuluka, bambo aang'ono."

"Mudzi wonse wakuona?"

"Wandiona."

"Ndiye wakazula ndodo zimene anazika ndi manja awo. Zomaliza zimene anagwira! Izi ndi zimene anakuphunzitsani ku Vila? Chotsa zimenezi panjira."

"Sindichotsa."

Mayi wina mwa alendowo anawerama pagalimoto n'kufunsa m'Chingerezi ngati pali vuto. A Nakou anamumwetulira n'kukweza dzanja kuti adikire pang'ono. Atatembenuka kumwetulirako kunali kutatha.

"Anthuwa awoloka nyanja kudzaona moto. Ndiwauze chiyani? Kuti kalaliki wa kuhotela wamva phiri likutsokomola, ndiye wachita mantha?"

"Miyala ikugwa kumbuyo kwa ndodo. Pakabwalo paja. Ngakhale panjira."

"Miyala ili paliponse pamwamba paja! Linali phiri la miyala iwe usanabadwe. A boma ali ndi makina, anena kuti nambala yachiwiri."

"A boma amanena za phiri lonse, bambo. Sanena za pamene munthu waima."

"Tamumveni! Mawa lomwe lino a kutsidya adzakhala akuuza aliyense kuti njira yafa."

"Akabwera adzapeza ndodo zozikidwa lero," anatero Kieri. "Mawa adzapeza zozikidwa mawa. Njira yakufa sikhala ndi woizikira ndodo."

"Uzika ndiwe? Uli ku Vila?"

"Ndili pano."

A Nakou anaseka mowawidwa, anamukankhira pambali ndi phewa, n'kugwira ndodo yoyamba kuti aizule.

Kieri anafunafuna mawu ena, koma anali atamuthera. Anatola malaya ake pansi, anawafunyulula, anagwira dzanja lamanja la bambo ake aang'ono, analitambasula, n'kuikapo chiduswa chija.

A Nakou anadzidzimuka n'kufuna kuchitaya, koma sanachitaye. Mwalawo unali utazirala moti munthu n'kuupirira, komabe kutentha kwake kunali kosakanika. Anauyang'ana. Dzanja lawo lamanzere linasiya ndodo pang'onopang'ono. Pamwamba phiri linagundanso, ndipo alendo anakuwa mokondwa, makamera ali m'mwamba.

"Amako ndi amene akuuza kuti uchite zimenezi?" Mawu awo anali atasintha.

"Zoti chiyani, bambo?"

"Zondiika mwala m'manja."

"Ayi. Ndangosowa chonena."

A Nakou sankayang'ana Kieri, ankayang'ana m'chikhatho mwawo.

"Achimwene sanandikanizepo ndi pakamwa. Ngakhale kamodzi. Ndikafika ndi alendo n'kuwapeza ataima pano, ndinkayamba kukalipa ndisanatsike n'komwe. Iwo ankangondisiya ndikalipe mpaka ndimalize. Kenako n'kunditambasula dzanja." Anapukuta m'maso ndi mkono, phulusa n'kusiya mzere patsaya. "Ine n'kumatukwana njira yonse yobwerera. Madzulo n'kundisungira kava ngati sipanachitike kanthu."

Zimenezi Kieri anali asanazimvepo.

"Alendowa ndilankhula nawo ndine," anatero pomaliza. "Ndiwatengera pakati pa chigwa. Kukada adzauona motowo ali kutali. Ndiwauzanso kuti mzere womaliza papepalapo ndinalemba molakwa."

A Nakou anapisa dzanja lamanzere m'thumba, anatulutsa makiyi, n'kuwaika pamwamba pa galimoto. Anatembenuka n'kuyamba kuyenda wapansi pachigwa cha phulusa, kulunjika kumudzi. Kieri anawayang'ana akuchepera kutali, mapewa atagwa, akusinthanitsa mwala uja kuchoka m'dzanja lina kupita m'dzanja lina, osautaya.